Ketulo Ziwiri za a Namaona

A Dickson Namaona anali atagwira ntchito ya zamagetsi pa esiteti ya tiyi kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Fakitale inali ndi mainjiniya akeake. Gawo la a Namaona linali zotsala zonse: maofesi, nyumba ya alendo, kalabu, kachipatala ka antchito, ndi nyumba za mabwana zimene zinamwazikana m'zitunda. Ankayenda pa njinga yakapalasa, bokosi la zida atalimanga pa kaliyala ndi malegeni, ndipo m'thumba la malaya awo simunkasowa tesita, kasikuludiraiva kachikasu kamene kamayaka kumchira kakakhudza waya wamoto. Amayi othyola tiyi akawaona akutsetsereka ndi njinga pakati pa minda ankangouzana kuti, "Kwinakwake kwapsa babu."

Nkhani ya makina inayamba ndi ketulo. Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala, mayi Fainess, amene ankasamalira nyumba ya alendo, anawaimbira foni.

"A Namaona, tabwerani msanga. Ketulo yandiluma."

"Yakulumani bwanji, mayi?"

"Ndimati nditsire madzi a tiyi wa alendo. Kungoigwira chonchi, dzanja lonse lachita dzanzi mpaka m'chigongono."

Anapalasa njinga kupita komweko. Ketuloyo inali yachitsulo, yonyezimira, yosaoneka vuto lililonse. Anatsegula pulagi napeza mawaya onse atatu ali m'malo mwake, omangika bwino. Anainyamula kupita nayo ku wekishopu, ndipo kumeneko ndi kumene anatulukira kuti waya wa efi, uja umene umathawitsira magetsi pansi chinthu chikawonongeka, unali utadukira m'kati mwa chingwe, pamalo pamene chimapindika. Kunja chingwecho chinali chosalala ngati chogula dzulo. A Namaona anapatsa mayi Fainess ketulo ina ya ku sitolo ya esiteti, yoluma ija anaiponya pa shelefu.

Patapita masiku awiri anaitanidwa ku ofesi ya mayi Suwi Msukwa. Mayiwa anali atangobwera chaka chomwecho kudzayang'anira za chitetezo cha antchito. Kwawo kunali ku Chitipa, ndipo Chichewa chawo chinkamveka kuti n'chophunzira kusukulu. Msinkhu wawo unali wofanana ndi wa Lisa, mwana woyamba wa a Namaona, komabe a Namaona anavula kapusi polowa.

"Khalani, bambo Namaona. Ndamva za ketulo ija."

"Inatha imeneyo, madamu. Ndinasintha."

"Imeneyo inatha, inde. Nanga zina? Pa esiteti pano pali maketulo angati, masimbi angati, mahita angati amene ali ngati ija, koma sanalumebe munthu?"

A Namaona anazunguza kapusi yawo m'manja. Funsolo linali loona, ndipo iwo sankakonda kunama.

"Munthu sangadziwe, madamu. Mita yanga yopimira mawaya imandiuza kuti waya waduka ndikakhala kuti ndayamba kale kukayikira. Koma magetsi akayamba kudontha pang'onopang'ono m'kati mwa chinthu, siinena kanthu. Timadziwa wina akakuwa."

Mayi Msukwa anagwedeza mutu. Anafotokoza kuti kale kunkabwera anthu a kampani ina ya ku Blantyre kamodzi pachaka, atanyamula makina oyesera zipangizo zamagetsi, n'kumamata masitika pa chilichonse chimene ayesa. A Namaona ankawakumbuka, chifukwa ndi iwo amene ankawatsegulira zitseko. Mtengo utakwera, mabwana anasiya kuwaitana, ndipo tsopano panali patadutsa zaka zitatu. Maganizo a mayi Msukwa anali oti esiteti igule makina akeake, aziyesa okha kawiri pachaka.

Anatulutsa pepala m'dirowa n'kuliika patebulo. Panali chithunzi cha makina aakulu ngati sutikesi, a mabatani ambirimbiri, okhala ndi galasi ngati la kompyuta, ndiponso kachipangizo kosindikiza masitika.

"Awa ndi amene ndinkafuna. Ndinapita nalo pepalali kwa bwana wamkulu. Anayang'ana mtengo, anavula magalasi, n'kundifunsa ngati ndikufuna makina kapena njinga zamoto ziwiri." Anaseka okha. "Akuti chinthu chogwira ntchito kawiri pachaka chisadye ndalama ngati thirakitala. Ndipeze otsikirapo mtengo, koma ogwira ntchito. Ine mapepala ndimawadziwa, bambo Namaona, koma mawaya ayi. Lachinayi tipitire limodzi m'tauni, mukasankhe ndinu."

"Chabwino, madamu," anatero a Namaona.

Ataweruka anapeza akazi awo, mayi Teleza, ali pakhonde akupeta nandolo wouma. Mayiwa ankagula nandolo kwa alimi a ku Thekerani n'kumakagulitsa pa msika wa paboma, ndipo sikelo yawo inali pambali pawo monga mwa masiku onse.

"Bambo a Lisa, mwabwera ndi nkhope ya kumaliro. Kwagwanji?"

Anakhala pa mpando wa ndalema n'kuwafotokozera zonse.

"Makina amenewa ndi a ana a masiku ano, mayi a Lisa. Mabatani ngati foni. Ndikafika kumeneko wogulitsa akandithira Chizungu cha m'mabuku, ine n'kumangovomera, mapeto ake n'kusankha chinthu chabodza. Mawa wina akadzalumidwa, adzati anasankha ndi a Namaona."

Mayi Teleza anauzira mankhusu pa lichero, kenaka analoza sikelo ndi chibwano.

"Mukukumbuka mmene ndinagulira imeneyi ku Limbe? Ndinanyamula paketi ya shuga ya kilo imodzi m'chikwama. Sikelo iliyonse imene ankandionetsa, ndinkaikapo shuga wanga. Zitatu zinanama pamaso pa mwini wake. Mpaka anandifunsa kuti, mayi inu mwachokera ku boma? Ine Chizungu cha pa bokosi sindinkachimva, koma shuga ndinkamudziwa."

A Namaona anayang'ana nkhuku zimene zinkalimbirana nandolo wogwa. Kenaka anaseka chapansipansi.

"Ndiye kuti ndinyamule shuga."

"Mukamwere tiyi kumeneko? Nyamulani zanu zimene mumazidziwa," anatero mayi Teleza, n'kupitiriza kupeta.

Tsiku lotsatira a Namaona anazungulira esiteti yonse ndi kope, kuwerenga chilichonse chokhala ndi pulagi. Maketulo, masimbi ositira, mafani, mahita, mafuliji, makompyuta a mu ofesi, zingwe zowonjezera. Zonse pamodzi zinakwana 138. Iwo ankaganiza kuti zipitirira mazana atatu, ndipo nambalayo inawapepuza mtima. Madzulo anatsitsa ketulo yoluma ija pa shelefu, anaipukuta bwinobwino, n'kutenganso ina yofanana nayo ndendende, yabwinobwino. Zonse ziwiri anaziika m'thumba la ufa lochapa. Yoluma inali ndi kokanda pansi kamene ankakadziwa iwo okha.

Lachinayi m'mawa mayi Msukwa anabwera ndi pikapu ya esiteti, akuyendetsa okha. Anayang'ana thumba limene a Namaona analifungata pamiyendo.

"Mwatenga kamba wa paulendo?"

"Ndatenga mboni ziwiri, madamu."

Mayi Msukwa sanamvetse, koma sanafunsenso. Anatsika pakati pa minda ya tiyi imene inali itatuwa pang'ono ndi dzuwa la chilimwe, anadutsa mitengo ya bulugama, n'kulowa mumsewu wa tala. Ali m'njira anacheza za kwawo kwa mayiwo, kumene ati ulendo wake wa basi umatha usana ndi usiku, ndi za makolo a a Namaona amene anabwera wapansi kuchokera ku Mozambique kudzathyola tiyi pa esiteti yomweyo. Pa Bvumbwe anachedwa pang'ono kuyembekeza lole imene inkatsitsa kabichi pakati pa msewu.

Sitolo yoyamba inali ku Limbe, yodzaza mababu, masoketi ndi mawaya mpaka kudenga. Mwini wake atamva zimene ankafuna, anatulutsa kachinthu konga pulagi, kokhala ndi timagetsi titatu.

"Aka ndiye kotchipa, bwana. Mungokalowetsa, kayaka."

A Namaona anakatembenuza m'manja. "Aka kamayesa soketi ya pakhoma. Ndi kabwino ndithu pa ntchito yake. Koma ketulo ndiilowetsa pati?"

Mwini sitolo anakanda kumutu, kenaka nkhope yake inawala. Anawauza kuti adikire, analowa kuseri, n'kutuluka atanyamula bokosi lalikulu la fumbi. M'katimo munali makina onga a pa pepala la mayi Msukwa aja, akale pang'ono, ogwirapo ntchito kunja. Mtengo umene anatchula unali wosakwana ngakhale theka la theka la atsopano. Mayi Msukwa anayang'ana a Namaona, maso akumwetulira.

"Bambo Namaona, si amenewa?"

"Akuoneka bwino, madamu. Tiwafunse kaye."

Anamasula thumba lija n'kuika ketulo ziwiri pa kauntala. Mwini sitolo analumikiza makinawo ku magetsi, galasi linayaka. A Namaona analowetsa pulagi ya ketulo yabwino m'makinamo, anapana chitsulo cha ketulo ndi kachingwe ka makina kokhala ndi mano kumapeto, n'kudina batani loyesera efi. Makina analira pang'ono, pagalasi panatuluka mawu oti PASS. Anachotsa n'kuika yoluma ija. Makina analiranso, ndipo panatulukanso PASS.

A Namaona anabwereza. PASS. Kenaka anachotsa kachingwe ka mano kaja pa ketulo, anakagwira m'mwamba osakhudza kanthu, n'kudinanso batani. PASS.

"Makina awa ndi aulemu kwambiri," anatero pang'onopang'ono. "Sakana munthu."

Ndipo anafotokozera mayi Msukwa kuti ketulo yachiwiriyo ndi ija inaluma mayi Fainess. Mwini sitolo anagwira pakamwa. Anati iye anangowagula pamodzi ndi katundu wina wa m'kontena, sanawayesepo, ndipo pepala losonyeza kuti anapimidwa ndi akatswiri analibe. Sanakwiye. Anachita kuthokoza, n'kuwalozera sitolo ina ku Blantyre imene imagulitsa zida za amisiri a magetsi.

Kumeneko anapeza mayi wina wovala malaya a kampani, dzina lake Joan, amene ananena kuti asanayambe kugulitsa ankakonza zipangizo zamagetsi. Anamvetsera mpaka mayi Msukwa atamaliza, kenaka anafunsa funso limodzi.

"Zinthu zoti muziyesa ndi zingati, ndipo kangati pachaka?"

"Ndi 138, kawiri pachaka," anayankha a Namaona, akutsegula kope lawo.

"Mwabwera mutawerenga! Ambiri amabwera ndi chithunzi chokha."

Mayi Msukwa anayang'ana kudenga, akudziletsa kuseka.

Joan anandandalika makina atatu pa kauntala. Oyamba anali aang'ono ngati njerwa, a timagetsi tiwiri, kobiriwira ndi kofiira. Achiwiri anali okulirapo pang'ono, a mabatani anayi ndi kagalasi koonetsa manambala. Achitatu anali a pa pepala aja. A Namaona atatulutsa ketulo zawo, Joan anaomba m'manja.

"Musandiuze yowonongeka ndi iti. Tione."

Makina onse atatu anavomera ketulo yabwino, ndipo onse atatu anaikana yoluma. Aang'ono anayatsa kofiira. Apakati analemba FAIL ndi nambala pambali pake. Aakulu analemba zomwezo, n'kuwonjezera mizere ingapo ya Chizungu. Apa mantha a a Namaona anatha. Anali atagwirapo mabatani a onse atatu ndi zala zawo, ndipo palibe chimene chinawasokoneza kupatula pa aakulu aja, amene ankafuna munthu ayambe walemba dzina la chinthu asanachiyese.

"Aakuluwa," anatero Joan, "ndi a anthu amene ntchito yawo ndi yomweyi tsiku ndi tsiku, oyesa zinthu mazana pa sabata. Amasunga zonse m'mutu mwake, n'kukazitsanulira mu kompyuta. Ndikanakonda mutagula, koma inu kope likukwanirani. Ndiponso awa amafuna kulumikiza ku magetsi. Awiri enawa ndi a mabatire."

"Mabatire amtundu wanji?" anafunsa a Namaona.

"Ang'onoang'ono omwe aja a m'tochi, asanu ndi limodzi. Pa golosale iliyonse alipo."

"Ndiye kuti magetsi atazima ntchito ndipitiriza?"

"Mupitiriza bwinobwino."

Mayi Msukwa anafunsa mitengo. Aang'ono anali otsika kwambiri. Apakati anali okwerako, komabe osafika gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa aakulu. Mayiwo anaika dzanja pa aang'ono aja.

"Ngati onse akugwira wakuba yemweyo, titenge awa. Bwana wamkulu sakavulanso magalasi."

A Namaona anatsokomola. Kutsutsa bwana pamaso pa mlendo sichinali chizolowezi chawo, koma anali atabwerera zomwezo.

"Madamu, mundikhululukire. Aang'onowa akungonena kuti munthu wadwala kapena ali bwino. Apakatiwa ali ngati kagalasi ka anamwino koika m'khwapa, akunena kuti thupi latentha kufika pati. Simbi ikandipatsa nambala iyi chaka chino, chaka chamawa n'kundipatsa ina yoipirapo, ndidziwa kuti yayamba ulendo. Sindidikira kuti ilume."

Kenaka anatembenukira kwa Joan. "Ndifunsenso. Ku kalabu tili ndi zingwe zitalizitali zimene timakokera panja kukakhala ukwati. Aang'onowa azitani nazo?"

"Mwafunsa bwino. Chingwe chikatalika, nambala imakwera ngakhale chili chabwino. Aang'onowa angoyatsa kofiira, inu n'kutaya chingwe chopanda vuto. Ndi apakatiwa muona nambala, muyerekeza ndi kutalika kwa chingwe, mudziwa nokha. M'kabuku kake muli ndondomeko yake."

Mayi Msukwa anachotsa dzanja pa aang'ono aja. "Zingwe za ku kalabu ndi zingati?"

"Zisanu ndi ziwiri, madamu. Zodula."

"Basi, ndamva."

A Namaona anali asanamalize. Anafunsa kuti kachingwe ka mano kaja kakaduka kena kapezeka kuti, ndipo Joan anatulutsa kena m'dirowa. Anafunsa za makompyuta, ngati makinawo sangawawotche, ndipo Joan anawasonyeza batani loyesera mofatsa zinthu zosachedwa kupsa. Anafunsanso chimene chinawavutitsa chichokereni ku Limbe: makinawo akadzayamba kunama, adzadziwa bwanji? Joan anati amabwera ndi satifiketi yoti apimidwa, ndipo kamodzi pachaka ayenera kubwezedwa ku sitoloko kuti atumizidwe kokapimidwanso.

"Koma ketulo yanuyi musaitaye," anawonjezera. "Tsiku lililonse musanayambe ntchito, muziyamba mwaiyesa. Akadzaivomera, mudzadziwe kuti adwala ndi makina. Ndipo china, bambo, makina alibe maso. Chinthu chilichonse muziyamba mwachiyang'ana inu."

Anatenga pepala la mitengo ya makina apakati, kachingwe kapadera, ndi mipukutu iwiri ya masitika olemba pamanja, obiriwira ndi ofiira. Pobwerera anaima pa malo ena odyera, ndipo mayi Msukwa anagula tchipisi ndi nkhuku. Akudya ananena mosabisa.

"Ndikanabwera ndekha, ndikanagula a ku Limbe aja. Ndikanafika nawo pa esiteti ndikudzitama."

"Inenso mwina ndikanagula, madamu. Nzeru ya mboni ndinabwereka kwa mayi a kunyumba."

Anawafotokozera za sikelo ndi shuga, ndipo mayi Msukwa anaseka mpaka kutsamwa ndi fanta.

Bwana wamkulu anasaina pepala sabata yomweyo. Makina anafika patatha masabata atatu, tsiku limene kunagwa mvula yoyamba, fungo la dothi lili ponseponse ndipo tiyi atayamba kale kuphukira nsonga zanthete. A Namaona anakhala mu wekishopu masana onse, magalasi ali pamphuno, akuwerenga kabuku mzere ndi mzere. Pamene Chizungu chawavuta ankaika chizindikiro ndi pensulo, ndipo m'mawa mwake mayi Msukwa anawamasulira.

Anayambira ku nyumba ya alendo. Mayi Fainess anali atasonkhanitsa zonse patebulo la m'khitchini, ndipo anadzipereka kuti azilemba masitika chifukwa dzanja lawo linali lokongola. Ntchito inayenda mwadongosolo. A Namaona ankayamba ayang'ana chingwe kuchokera ku pulagi mpaka kumene chalowera, akuchipsinja ndi zala. Ankatsegula pulagi kuona mawaya ndi fyuzi. Akatero ndiye ankalumikiza ku makina, kudina batani, kulemba nambala m'kope, mayi Fainess n'kumata sitika.

Atafika pa hita ya m'chipinda chachitatu, anatsegula pulagi napeza kuti m'malo mwa fyuzi wina anakulungamo kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu. Mwachidwi chabe, anaitseka momwemo n'kuiyesa. Makina analemba PASS. Chingwe cha fuliji nachonso anachipeza chitatafunidwa ndi khoswe kuseri, khungu lakunja litachoka, koma makina anachivomera. A Namaona anamwetulira okha. Kwa mwezi wathunthu ankaopa kuti kabokosi aka kabwera kudzawalanda ntchito, koma tsopano anaona kuti kabwera kudzawathandiza pamene maso awo safika, ndipo iko kankadalira iwo pamene iko sikaona.

Chomaliza tsiku limenelo chinali chingwe chowonjezera cha iwo eni, chimene ankayenda nacho pa njinga. Anachipanga okha zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, ndipo esiteti yonse inkachibwereka. Sanavutike n'kutsegula pulagi. Anangochilumikiza, akulankhula ndi mayi Fainess za mtengo wa feteleza, n'kudina batani.

FAIL.

Anayang'anitsitsa kagalasiko. Anabwereza, ndipo makina sanasinthe mawu. Atatsegula soketi ya kumapeto kwa chingwecho anapeza sikulu ya efi itadyeka ndi dzimbiri, waya utangotsala timinyewa tiwiri.

Mayi Fainess anayesa kudzigwira, koma zinakanika.

"Aaa, a Namaona! Sing'anga wadwala!"

A Namaona anachita manyazi. Akanatha kukonza pomwepo mwakachetechete, nkhani n'kuthera m'khitchinimo. Koma anatenga cholembera n'kulemba m'kope monga analembera zina zonse, dzina la chinthu, mwini wake, ndi vuto lake.

"Matanipo sitika yofiira, mayi."

"Chanu chomwe?"

"Changa chomwe. Ndikachikonza mumatapo yobiriwira."

Anadula pamene panachita dzimbiri, anasintha sikulu, anayesanso, ndipo makina anavomera. Pofika nthawi imeneyo nawonso anali akuseka.

Ntchito yonse inatenga masiku asanu ndi limodzi, kuphatikizapo tsiku lina limene magetsi anazima kuyambira m'mawa koma iwo osaima. Mwa zinthu 138 zija, zisanu ndi zinayi zinapezeka ndi vuto. Zisanu ndi ziwiri anazikonza okha ndi mawaya a mu wekishopu. Ziwiri, simbi ya ku kachipatala ndi fani ya ku kalabu, zinali zitatha ntchito, ndipo anazidula mapulagi kuti wina asadzazitolenso. Kope analipereka ku ofesi, makina anawachotsa mabatire n'kuwatsekera m'kabati youma kudikira mwezi wa Meyi.

Lachisanu la sabata yomweyo, nthawi ya nkhomaliro, a Namaona anali pakhomo la wekishopu akudya chinangwa chophika ndi kalongonda zimene mayi Teleza anawaikira m'kontena. Kunja kunkawaza mvula yamawawa, ndipo kumunsi othyola tiyi anali pamzere wokayeza masamba, atafunda mapepala apulasitiki. Anamva pikapu ikuima. Mayi Msukwa anatsika atanyamula jumbo, akuyang'ana uku ndi uku ngati munthu wobwera kudzabwereka mchere.

"Pepani, bambo Namaona, ndakupezani mukudya."

"Fikani, madamu. Tidye."

"Zikomo, ndadya kale. Ndabwera ndi kanthu kanga ka kunyumba. Si ka esiteti. Ngati n'zovuta, musavutike."

M'jumbomo munali simbi yositira yakalekale, chogwirira chake chitasuluka, pansi pake pali zipsera zakuda. Anati anaigula ali pa koleji, ndipo yayenda nawo maboma anayi.

A Namaona anasamba m'manja, anatsegula kabati, anabwezera mabatire. Anayang'ana chingwe, anatsegula pulagi, anaona fyuzi, n'kulumikiza. Anayesa efi, anayesa ngati magetsi akudontha. Manambala onse anatuluka abwino kuposa a masimbi ena atsopano a ku nyumba ya alendo.

"Ili bwino kwambiri, madamu. Iyi ikhoza kusita mpaka zovala za adzukulu anu."

Mayi Msukwa anapumira m'mwamba, nkhope itagwa.

"Mwayesa bwinobwino?"

"Kawiri."

"Ndiye ndagwa nayo. Ku Blantyre ndinaona ina yotulutsa nthunzi, yokongola. Ndimafuna ndikauze abambo akunyumba kuti yakaleyi mwaikana ndinu."

A Namaona anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anatenga sitika yobiriwira, analembapo tsiku mosamala, n'kuimata pa chogwirira cha simbiyo.

"Kawauzeni zoona, madamu, kuti mwaikonda ya nthunziyo. Mwina akumverani chisoni. Koma ine ndi makinawa musatiikemo."

Mayi Msukwa anabwezera simbi m'jumbo akupukusa mutu, nawonso akuseka, n'kuthamangira ku galimoto mvula isanakule. A Namaona anachotsanso mabatire, anatseka kabati, n'kubwerera ku chinangwa chawo chisanazizire.